Mukafika muimbe

Mnyamata wa kuno ku Salima akatsimikiza zopita ku Joni, chimene amayamba kulongosola ndi foni, chikwama pambuyo. Nsapato angabwereke, jekete akatola pa kaunjika pa Kamuzu Road, koma foni amafuna yakeyake, ya WhatsApp, ya batire losatha msanga. Ndaonapo wakabaza akugulitsa njinga yake, ndalama zina n'kupatsa transipota, zotsalazo n'kugulira itel yam'katoni. Akuluakulu kumudzi amati kumeneko n'kusaganiza, ndalama yoti ukadyere panjira n'kumathera pa choseweretsa. Ine pa nkhaniyi ndili mbali ya mnyamatayo.

Ntchito yanga ndi ya ejenti. Ndili ndi kashopu pafupi ndi depoti, potumizira ndi kutapa ndalama, kutchajitsa mafoni, kugula mayunitsi ndi kujambulitsa mapepala. Ndiye apaulendo amadzera pa ine asananyamuke, ndipo iwo akapita, abale awo amatsalira pa ine. Zimene ndikulemba pano n'zimene ndimaona ndili kuseri kwa kauntala, kuphatikizapo zimene amandiuza mphwanga amene ali ku Johannesburg komweko.

Tsiku lomaliza asanakwere pamakhala kamwambo kake. Tsamba la pasipoti lokhala ndi chithunzi timalijambula, n'kulitumiza ku foni ya mlongo wake kapena ya malume, kuti pasipotiyo ikasowa pakhale poyambira. Kenako manambala: ya transipota, ya msuweni amene akamuchingamire pa Park Station, ya shehe kapena mkulu wa mpingo amene ali kale kumeneko. Ine ndimawakakamiza kuti manambala omwewo alembenso pa kapepala n'kusunga m'thumba lina, chifukwa batire limatha, ndipo foni imabedwa. Ambiri amaseka, amati ndine wachikale. Amalemba ndithu.

Basi ikangodutsa pa boda, kaya pa Dedza kaya pa Mwanza, kumakhala zii. Simu ya kuno kwa ambiri imathera pomwepo. Munthu akuwoloka Zambezi pa Tete, akulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, akudutsa Harare, akutsetsereka ku Masvingo mpaka Beitbridge, koma kunyumba palibe akudziwa kuti wafika pati. Wa mapepala olongosoka pa basi yabwino ndi masiku awiri kapena kupitirira pang'ono. Wopita ndi matransipota, amene amaima paliponse pamene afuna, palibe anganene. Masiku amenewo ndi amene benchi la pashopu panga limadzaza.

Mayi wina wa kwa Maganga anabwera ndi foni ataimanga pansonga ya chitenje. Anamasula mfundo, n'kuiika pakauntala.

"Mwananga, tayang'ana ichi. Chawonongeka kapena? Sichikulira."

Ndinayang'ana. Batire linali lodzaza, bandulo inalimo. Uthenga wa mawu umene mdzukulu wawo anawathandiza kutumiza dzulo lake unali ndi kachizindikiro kamodzi.

"Mayi, foni ili bwinobwino. Mukuona kokhota aka? Kakakhala kamodzi ndiye kuti uthenga wachoka kuno koma sunafike. Foni ya mwana wanu sinapeze netiweki. Tikakhala tiwiri ndiye kuti wafika poti akhoza kumva."

"Nanga tikhala tiwiri liti?"

Funso limenelo sindinaliyankhe, poti yankho ndinalibe. Anakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, mphindi zilizonse akumasuzumira. Mmawa wake anafika ndisanatsekule, akumwetulira ali patali. Usiku kunalowa nambala yachilendo yoyamba ndi +27. Mnyamatayo anabwereka foni ya mnzake wa m'basi ali ku Musina, n'kungonena mawu ochepa: tawoloka. Kumene akagone sanakudziwe, ntchito analibe, m'thumba munali mutauma. Koma mayi aja mtima unali m'malo, ndipo ndikhulupirira kuti wa mwanayonso unakhazikika atamva mawu a amake.

Agogo athu aamuna anapita ku migodi nthawi ya Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za kumigodi ya ku South Africa. Amatiuza kuti kalata yochokera kumeneko imatenga milungu, ikafika pa positi ofesi idikirenso munthu wopita ku boma, ikafika m'mudzi isakidwirenso wodziwa kuwerenga. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi opitirira 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa, onsewo akulumikizana ndi kwawo motero. Mu April 1974 ndege ya Wenela itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74 amene amabwerera kumudzi, Kamuzu anaimitsa zolemba anthu ntchito za kumigodi. Taganizani mabanja amene anali ndi munthu panjira sabata imeneyo, atamva pa wailesi kuti ndege yagwa, popanda woti n'kumufunsa ngati wawo analimo. Ulendo unayambiranso pansi pa TEBA, bungwe limene linalowa m'malo mwa Wenela, n'kudzathera mu 1988 pa mkangano wa zoyeza magazi ngati muli kachilombo ka HIV. Ndipo panali matchona, amene amangomira osamvekanso, mkazi n'kukalamba osadziwa ngati ali pabanja kapena ndi wamasiye.

Kusiyana kwake n'kwakuti agogo aja amapita ndi kontirakiti. Bedi la ku komponi limawadikira, chakudya chinalipo ngakhale chinali choipa, dzina lawo linali m'kaundula wa kampani. Wa lero amapita yekha. Pasipoti ya Malawi imamupatsa masiku 30 ku South Africa, akatha amenewo ndiye kuti akukhala mozemba. Palibe ofesi imene ikudziwa kuti iye alipo. Akagwa mumsewu, akatengedwa ndi apolisi, akapanda kudzuka m'kachipinda kake, amene angazindikire ndi okhawo amene ali ndi nambala yake. Ndi chifukwa chake sindiwatsutsa anyamata ogulitsa njinga aja.

Mphwanga akuti atangofika, msuweni wathu asanamupatse ngakhale tiyi, anamutengera ku shopu kukagula simu. Malamulo akumeneko amafuna kuti simu ilembetsedwe ndi chiphaso komanso umboni wa kumene ukukhala, zinthu zimene wofika dzulo sangakhale nazo, ndiye ambiri amagula zolembetsedwa kale m'dzina la munthu amene sadzamuona. Simu itangolowa, anaponyedwa m'magulu a WhatsApp. Lina la anthu a ku Salima, lina la kumzikiti, lina la maliro, lina la maganyu. Mwa mawu ake, tsiku limenelo ndi limene anasiya kunjenjemera.

M'magulu amenewa mumayenda zinthu zenizeni. Wina amalemba mbandakucha kuti bwana wake akufuna anyamata awiri openta, afike pamphambano yakuti isanakwane 7. Wina amachenjeza kuti apolisi atchinga pa renki ya matekisi, opanda mapepala adzere kuseri. Wina akusamuka, chipinda chake chatsala, lendi ndi yakuti. Mayi wina akufunsa chipatala chimene sakalipira alendo. Wofika kumene amaphunzira momwemo mmene amaimitsira tekisi ndi zala, poti kumeneko chala chilichonse chili ndi kumene chikupita, ndiponso mawu angapo a Chizulu oti ayankhire mwachidule asanadziwike kuti ndi wobwera. Akasochera amatumiza lokeshoni, mnzake n'kumuuza kuti ima pomwepo usasunthe. Munthu akasowa masiku awiri, gulu limayamba kufunsana, wina n'kupita kupolisi yapafupi, wina n'kufufuza ngati watumizidwa ku Lindela, kumene amasungira oyembekezera kubwezedwa kwawo.

Gulu la maliro ndi limene ndimalilemekeza kwambiri. Kubweretsa thupi kuchokera ku Joni kudzafika ku Chipoka kapena ku Ngodzi ndi ndalama zoti banja limodzi silingakwanitse. Ndiye amasonkha, ndipo aliyense akaponya, mlembi amaika dzina lake pa mndandanda umene onse akuuona. Mphwanga amati ngakhale mwezi utavuta bwanji, chopereka chimenecho sajomba. Ndinamufunsa chifukwa chake, poti ndi mwana wamng'ono wathanzi lake.

"Achimwene, kuno chimene timaopa si kufa kokha. N'kukwiriridwa ndi boma ngati wopanda kwawo."

Nkhani ya ndalama ndiye ndimaidziwa bwino chifukwa imathera m'manja mwanga. Wopanda mapepala kubanki sapitako, ndipo ndalama zosunga pansi pa matiresi m'kachipinda ka malata ndi zoitanira achifwamba. Kale anthu amapatsira madalaivala a basi kapena mnzawo wobwerera kumudzi, zina n'kufika zitachepa, zina osafika n'komwe. Pano munthu akalandira Lachisanu amapanga oda pa foni kudzera ku Mukuru kapena makampani ena otero, n'kukalipira pa shopu, uthenga n'kulowa pa foni ya mkazi wake ali ku Lifuwu dzuwa lisanalowe. Zina zimagwera mu Airtel Money kapena Mpamba, mwiniwake n'kudzatapa pang'onopang'ono. Ambiri amaganiza kuti anyamatawa amatumiza msanga chifukwa chokonda abale basi. Chikondi chilipo, koma amatumizanso pothawitsa ndalamazo. Zikafika kuno n'kusanduka njerwa kapena malata, wakuba wa ku Hillbrow sangazipezenso. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mwezi wotsatirawo ndinaona anthu akutapa mitolo yonenepa kuposa kale, akuseka, kenako n'kukapeza kuti mtengo wa simenti nawonso wathamanga.

Akazi amene amuna awo ali kunja ali ndi chizolowezi china. Salemba uthenga, saimba, amangotsekula WhatsApp usiku n'kuona ngati mwamunayo anaonekera pa intaneti tsiku limenelo. Zili ngati mmene akazi a asodzi ku Senga Bay amayang'anira nyali za usipa panyanja: sukudziwa ngati aphako kanthu, koma ukudziwa kuti bwato lili pamwamba pa madzi. Ndipo wakunjayo amadziwa kuti akuyang'aniridwa. Ena zimawatopetsa, koma ambiri amene ndacheza nawo atabwera kutchuthi amati zimawalimbitsa mtima.

Foni yomweyo imafesanso mantha, ndipo pano ndikufuna ndinene mosabisa chifukwa olakwa ambiri ndife otsala kuno. Zipolowe zothamangitsa alendo n'zenizeni. Mu May 2008 anaphedwa anthu 62. Mu April 2015 zinabuka ku Durban, boma lathu mpaka kutumiza mabasi kukatenga anthu. Mu 2019 zinachitikanso. Nthawi zoterezi mauthenga ochenjezana apulumutsa anthu, woti akanapita kuntchito n'kudzitsekera m'nyumba, woti akanagona m'shopu n'kuthawira kumzikiti kapena kupolisi. Koma mavidiyo a zaka zimenezo sanafe. Amadzuka chaka chilichonse, wina n'kulembapo kuti izi zikuchitika lero, n'kuponya m'gulu la mpingo kapena la banki m'khonde. Ena mwa mavidiyowo si a ku South Africa n'komwe. Mayi amafika pashopu akulira, akundionetsa munthu akuyaka moto, akuti ndiimbireni mwana wanga. Timaimba. Mwanayo ali pantchito, akuthirira maluwa kwa bwana wake ku Cape Town, sakudziwa kanthu. Ndiye mantha aja timamupatsira iye, tsiku lonse n'kumagwira ntchito akucheukacheuka. Amene mumatumiza zinthu musanafunse kuti n'zaliti, mukudwalitsa anthu BP.

Nthawi zina uthengawo umakhala woona. Pa 31 August 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, pakati pa Johannesburg, inapsa usiku n'kupha anthu opitirira 70, ena mwa iwo Amalawi. Mmawa umenewo aliyense amene anali ndi m'bale mumzindawo amaimba. Amene foni yake inayankhidwa anapuma. Mayina a osowa anayamba kusonkhanitsidwa m'magulu momwemo, ndi anthu wamba, akuluakulu a boma asananene chilichonse.

Kuti muone kulemera kwa foni, onani amene amailanda. Atsikana athu amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, ambiri amati atangofika pasipoti inatengedwa, ndipo m'nyumba zina foninso imatengedwa kapena kuloledwa mwa apo ndi apo. Kumayiko amenewo chilolezo chokhalira m'dziko chimamangiriridwa kwa bwana amene wakulemba ntchito, moti kuchoka panyumbapo popanda iye kuvomera ndi mlandu. Bwana wankhanza amadziwa kuti wantchito amene angathe kujambula mabala ake n'kutumiza kwawo ndi wovuta kumupondereza. Amene anakwanitsa kubisa foni ndi amene anayamba kumveka. Mayi wina wa ku Malawi wokhala ku America anawasonkhanitsa m'gulu la WhatsApp, mmodzi n'kumaitana mnzake, mpaka nkhaniyo inafika ku boma ndi ku mabungwe, ndipo BBC inaiulutsa mu 2024. Azimayi opitirira 50 anabwerera. Mtsikana akandiuza kuti wapeza ejenti womupititsa ku Uarabu, ndimamufunsa kaye ngati ali ndi kafoni kachiwiri kakang'ono.

Tisaiwale kuti nafenso timalandira alendo. Pa Kamuzu Road ndi m'misika ina ya m'boma lino munali mashopu a anthu a ku Burundi ndi ku Rwanda, amene tonse timangowatchula kuti Maburundi. Wina anali kasitomala wanga wa tsiku ndi tsiku, Chichewa chake chothyokathyoka koma chomveka. Abale ake anamwazikana, mlongo wake ku Tanzania, mchimwene wake ku Canada, ena kwawo komweko, ndipo Lamlungu masana amalankhulana onse pa kolo imodzi. Chimene ndinachiona mwa iye n'chakuti nambala yake sankafuna kuisintha zivute zitani. Foni itagwa m'madzi anafika thukuta lili kamukamu, osadandaula za foniyo koma za simu. Anandifotokozera kuti nambala imeneyo ndi imene ili pa fayilo yake ku UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, ndipo tsiku limene adzaitanidwe kukafunsidwa mafunso oti asamukire dziko lina, adzaimbira pomwepo. Anali atadikira zaka zambiri. Kuyambira mu 2018, pamene MACRA inalamula kuti simu iliyonse ilembetsedwe, kwa ife zinali zophweka chifukwa chitupa cha unzika tinali titalandira kumene. Kwa munthu ngati iye simu yotayika inali nkhani ya mapepala ndi maulendo.

Mu 2023 boma linalamula kuti othawa kwawo onse abwerere ku Dzaleka ku Dowa, msasa umene unatsekulidwa mu 1994 ndipo pano uli ndi anthu opitirira 50,000 pamalo amene anakonzera anthu pafupifupi 12,000. Mu May apolisi atayamba kugwira anthu ku Lilongwe, uthenga unafika kuno pa foni usiku womwewo. Bambo uja anagulitsa katundu motchipa, ndalama n'kuziika mu foni, n'kunyamuka yekha asanabwere kudzamunyamula. Pomaliza kulankhula naye anali akadali ku Dzaleka. Dziko la America linaimitsa kulandira othawa kwawo mu January 2025, ndiye mzere umene anaimapo unatalikiratu. Nambala ndi yomwe ija.

Ngakhale osamuka a m'dziko momwe muno zimawakhudza. Madzi atasefukira ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota mu February 2024, anthu amene anathawira m'misasa amasaka potchajira ngati mmene amasakira chakudya, poti m'bale wa ku Lilongwe wofuna kuthandiza amafunsa nambala basi.

Tsono pali mbali ina imene apaulendo sanena msanga. Foni imene imawalumikiza ndi kwawo ndi yomweyo imene kwawo kumawapezera. Agogo a Wenela amalandira pempho limodzi pa miyezi itatu. Mphwanga amalandira tsiku lililonse. Feteleza, fizi, mankhwala a azakhali, chinkhoswe cha mwana wa aneba, mnzake wa ku pulayimale amene akungofuna ya sopo. Ena amangoflasha, akudziwa kuti aimbanso poopa kuti mwina ndi maliro. Nawonso akunjawo amadziputira okha. Munthu akugona anthu asanu m'chipinda chimodzi, koma chithunzi chimene waika ndi choti watsamira galimoto ya bwana wake, wavala jekete yobwereka. Kumudzi akaona amati zayenda. Akanena kuti mwezi uno sindinagwire ganyu, amati wayamba kunyada, kapena wapeza mkazi wa Chizulu.

Mapeto ake ena amasiya kuyankha. Awa ndi matchona a masiku ano: uthenga ukufika, zizindikiro ziwiri zikuoneka, munthu ali pa intaneti, koma chete. Abale amabwera kudzandifunsa ngati pali njira yodziwira kuti wawabuloka. Ine ndikamva mbiri yake nthawi zambiri ndimapeza kuti munthuyo ntchito inamuthera, ndipo manyazi ndi amene amutseka pakamwa. Choopsa n'chakuti amakhala chete nthawi imene akufunikira anthu kwambiri. Amatuluka m'gulu la maliro poti walephera kusonkha, amasintha nambala pothawa ngongole, ndipo akadwala palibe amadziwa khomo lake. Takhalapo ndi maliro amene uthenga wake unafika patapita milungu, kudzera pa chithunzi chimene wina anaika pa Facebook chofunsa ngati alipo akumudziwa munthuyu.

Mphwanga anapeza njira yake. Ali ndi manambala awiri. Yodziwika ndi aliyense amaitsekula Loweruka ndi Lamlungu, n'kuyankha zimene angathe, zina n'kupepesa. Inayo ili ndi anthu ochepa: mkazi wake, ine, msuweni uja wa pa Park Station, ndi bwana amene amamupatsa maganyu kawirikawiri. Imeneyo siizimitsidwa usana ndi usiku, ndipo tinapangana kuti pa nambala imeneyo sipadutsa pempho la ndalama. Ikalira ndiye kuti pali nkhani, kapena tikungofuna kumva kuti wadzuka bwanji. Amayi athu anaidziwa mochedwa, atamva mlamu wanga akulankhula naye Lachitatu, ndipo anakwiya kwambiri. Anabwera pashopu kudzandifunsa ngati iwo ndi mlendo pa mwana wawo. Ndinawapatsa, titagwirizana kuti aisunga m'mutu, osailemba mu foni, chifukwa foni yawo imagwiridwa ndi mudzi wonse. Pofika mwezi wotsatira azakhali anali nayo kale, ndipo mphwanga akuti akuganiza zogula simu yachitatu.